Utomoni wa Njuchi Wopanda Kachasu

Kutatsala masiku anayi kuti mdzukulu wawo akwatiwe, a Elifala anasasa mawu. Munthu woyambitsa nyimbo kutchalitchi kwawo, kufupi ndi Mvera, zaka makumi atatu, lero n'kumanong'ona ngati wamiseche! Zinawapweteka mtima, poti mkwatibwiyo anali atapempha kuti nyimbo yolowera ayambitse agogo akewo.

Mwana wawo Stephano, woweta njuchi, anabwera ndi kabotolo ka utomoni wakuda uja njuchi zimamatira ming'alu ya mng'oma. Anali atauviika mu kachasu. A Elifala atangonunkhiza, anakakankhira uko.

"Ine mkulu wa mpingo? Bola ndikangokhala duu paukwatipo."

Roza, mkazi wa Stephano, anakatapa utomoni wina kumng'oma. Mtengwa ameneyu, Mkatolika wa kumapiri a Ntchisi, a Elifala anali asanamuthokozepo ngakhale pa madzi akumwa.

Kutacha a Elifala anamuona Roza pansi pa mtengo wa mango. Utomoniwu ndi wamakani, m'madzi susungunuka wamba, ndipo ukaupupulumira umangokakamira kumphika. Roza anayamba wauviika m'madzi ozizira a mumtsuko mpaka unauma gwa. Anausinja, n'kumatola timapiko ndi tizitsotso kamodzikamodzi. Kenako anauthira m'kapoto ka madzi, kapotoko n'kukakhazika mkati mwa mphika wina wa madzi, pamoto wa zitsononkho. Madzi akati awire, iye n'kuphula moto. Kutakasa, kuyesa ndi chala, kutakasanso. Dzuwa linafika paliwombo, linapendeka, mayiyo ali pomwepo, maso ali psuu ndi utsi. A Elifala, amene ankanamizira kusoka mphasa pakhonde, anapeza kuti singano yaima kalekale.

Madzulo Roza anasefa katatu pansalu yoyera, madziwo ali ngati tiyi wopanda mkaka. Anagwada chapatali.

"Bambo, muzichukucha kukhosi. Mulibe ndi dontho lomwe la mowa."

Loweruka mawu anatuluka. Sanali a kale aja ayi, ankanjenjemera pang'ono, koma nyimbo inayamba ndipo mpingo unalandira. A Elifala anamwaza maso kufuna Roza. Munalibe. Anali kumudzi, akuphikira alendo.

Potuluka sanadikire galimoto ya akwati. Anayenda wapansi, suti ili m'thupi, mpaka kumafuwa kumene amuna safikako. Amayi onse anasiya zogwira. Mkuluyo anavula chipewa pamaso pa mpongozi wake.

"Mwana wanga, sunandimve. Khala pansi ndikuimbire."