Malowolo Osochera

Lachitatu m'mawa Christina Nyamanda wa ku Tukombo anali pa thandala akuyanika chinangwa chimene anavuula dzulo lake, pamene foni inalira. Anapukuta manja pa chitenje n'kuyang'ana. M'chikwama cha m'foni, mmene mlongo wake wa ku Joni ankaponyamo timadola makumi awiri pa mwezi ta kiripito, ndalama za pa intaneti zija, munali mutalowa madola mazana asanu ndi limodzi. Dzina la wotumiza panalibe. Panali mndandanda wa zilembo ndi manambala, wautali ngati bongololo.

Anaimbira mlongo wakeyo. "Ine?" anaseka mkuluyo. "Ndikanakhala nazo zimenezo bwenzi ndikugona chipinda chimodzi ndi amuna asanu?"

Sabata imeneyo Christina anali ndi zambiri m'mutu. Loweruka a kwa Mhone ankabwera kudzapereka malowolo a mwana wake Winnie. Mnyamatayo, Prince, naye ankagwira ntchito ku Joni, ndipo zonse anazisiya m'manja mwa thenga, munthu woyenda pakati pa mabanja awiriwo. Popeza bambo a Winnie anamwalira kalekale, olandira malowolo anali alamu ake a Christina, amene zaka zonsezi sanagulepo ngakhale kope limodzi la mwanayo.

Lachinayi anakwera minibasi kupita ku Chintheche kwa Fredrick, mnyamata wa ku Ntcheu amene ankagulitsa mafoni ndi kusintha kiripito kukhala makwacha. Fredrick ataona foniyo analiza likhweru.

"Mayi, mwapemphera pa phiri liti? Ndiuzeni nane ndikwereko."

"Siya nthabwala. Mwini wake angazitengenso?"

"Sangathe. Izi si za ku banki zoti muimbire bwana abweze. Zikalowa zalowa. Kiyi muli naye ndinu nokha."

"Nanga malamulo?"

"Ine si loya. Ndinamva kuti kusunga chinthu ukudziwa mwini wake ndi mlandu. Koma inu mukumudziwa? Ndipo mlandu umafuna wodandaula."

Christina anakhala pa benchi kuseri kwa shelefu. Anaganiza za denga lake la udzu limene linkadontha pamwamba pa matumba a ufa, ndipo m'maso mwake malata anayamba kung'anima. Ali m'maganizo choncho, pakhomo panalowa a Mizeck Longwe, thenga uja. Sanamuone. Anawerama kuti anong'oneze Fredrick, koma munthu amene wakalambira pa bwato, akuitana anzake pakati pa mafunde, kunong'ona sakudziwa.

"Taonanso, mwana wanga. Zalowa?"

"Sizinalowe, ada."

"Mazana asanu ndi limodzi! Prince akuti anatumiza dzulo m'mawa. Ndikamufunsa akungoti tidikire. Mkuja ndikaima bwanji pamaso pa eni mbumba ndi mbale yopanda kanthu? Amuna aja ukuwadziwa. Adzati tawaseweretsa, ndipo nkhani idzathera pomwepo."

Anatuluka akupukusa mutu, nati akamwe tiyi kutsidya kwa msewu.

Christina anakumbukira. Chaka chatha iyeyo atadwala, Winnie anapatsa Prince nambala ya chikwama cha mayi akecho kuti atumize ya mankhwala. Mnyamatayo ayenera kuti pokopera anatenga ya apongozi m'malo mwa ya thenga.

Fredrick naye anali atazindikira. Anasuzumira kuseri kwa shelefu akumwetulira. "Ndiye vuto lili pati, mayi? Ndalamazi zimabwera kwanu komweko. Zangodzera njira yachidule. Munabereka ndinu, munaphunzitsa ndinu. Zikadzera pa mbale, alamu anu adzagawana, inu n'kukuponyerani bulangete."

Mawuwo anamulasa chifukwa anali oona. Fizi ya Winnie inachokera mu ufa wa kondowole ndi m'madengu a usipa amene ankasenza kukagulitsa pa msewu. Akanangokhala chete, ndani akanamugwira dzanja? Anayang'ana foniyo. Kenako m'maganizo mwake anaona Winnie mmene anamusiyira m'mawa, akusita diresi la Loweruka kachiwiri, akuimba nyimbo ya kwaya molakwitsa mawu.

"Fredrick," anatero, "kwanu ku Ntcheu mkamwini amabwera yekha n'kumanga nyumba, n'chifukwa chake ukuyankhula chonchi. Kuno mwana salowoledwa m'thumba mwa mayi ake. Zitumize kwa a Longwe."

"Bwanji ndingokupatsani makwacha muwapatsire pamanja? Ali apo akumwa tiyi."

"Dzanja langa lisazikhudze. Zilowe m'foni mwawo monga mmene mwini wake anafunira. Ndipo pakamwa pakopo utseke."

Fredrick anadinadina, kenako anakanda m'mutu. "Pali ya msonkho wotumizira. Zikafika zitaperewera madola awiri."

"M'chikwamamo munatsala anga atatu a mwezi watha. Dula pamenepo. Thenga asakaime ndi ndalama yoduka mchira."

Sipanapite mphindi zisanu, kutsidya kwa msewu kunamveka mfuu. A Longwe anawoloka foni ili m'mwamba, kapu ya tiyi ataiwala kubweza. "Zafika! Zonse!" Ataona Christina akutuluka m'sitolo anadzigwira, navula chipewa n'kumulonjera m'chinenero cha kwawo. "Mwe uli, ama?"

"Nde umampha, ada," anayankha Christina, napitirira kukagula mchere ndi mafuta ophikira.

Loweruka a kwa Mhone anafika nthawi yabwino. Mbale inayenda yovundikira ndi inzake, kuchoka kwa thenga kupita kwa alamu, amene anakhala pa mipando atavala majekete ngakhale kunkatentha. Anavundukula, anayang'anana, nagwedeza mitu. Amayi analulutira mpaka nkhuku zinathawira m'chinangwa. Christina analandira gawo la mayi: bulangete, zitenje ziwiri ndi kaenivelopu kopyapyala. Anagwada, nati yewo pothokoza, ndipo anadabwa kuona kuti mtima wake unali wopepuka.

Alendo akudya, Winnie anamupeza kuseri kwa khitchini akutsuka makapu.

"Ama, Prince wandiuza zonse. Anadziwa Lachitatu lomwelo kumene zinapita."

"Nanga osanena bwanji?"

"Akuti, 'Ndingayambe bwanji kufunsa apongozi ndalama? Bola ndikagulitse njinga yanga ndiyambirenso.' Masiku awiri sanadye."

Christina anaika kapu pansi. Anaseka mpaka misozi, akudzigwira m'nthiti. "Umuuze adye. Umuuzenso kuti m'Tukombo muno ndine mayi woyamba kusonkha nawo malowolo a mwana wake. Madola anga awiri ali m'mbale muja, ndipo alamu anga awadya osadziwa."

"Ndimuuze akubwezereni?"

"Iyayi. Akadzabwera pa Khirisimasi adzakwere padengapa aone yekha pamene pamadontha."

Anafunyulula bulangete lija, nalinunkhiza. Linali lolemera, la mizere yobiriwira. Analipinda bwinobwino, n'kuuza Winnie kuti akawonjezere ndiwo kwa a Longwe, chifukwa mkuluyo naye sabata imeneyo anali ataonda.