Kachibangili Kachikasu ka Jagoda

Bożena analawirira kusita. Anasita bulauzi yoyera ya mwana wake Jagoda, anasita siketi, anasita ndi kampango komwe, ngati munthu akupita ku ubatizo pomwe akupita kukazondotsedwa mutu pansi miyendo m'mwamba. Linali tsiku lokondwerera dzina la Jagoda, lomwe kwawoko munthu amalandira mphatso ngati pa tsiku lobadwa, pa 2 Julaye, ndipo mphatso yomwe anapempha kuyambira nyengo yozizira ya chipale chofewa inali imodzi yokha: kukwera Chinjoka, sitima ya ku paki ya zisangalalo ija, yomwe imathamanga pa njanji zokhotakhota m'malere.

Jagoda anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Vuto lake madokotala amalitchula kuti otizimu. Bożena amangoti, "Mwana wanga sakonda kupanikizidwa." Anthu akamuzinga, wina n'kumukhudza kumsana, phokoso n'kumubwerera uku ndi uku, amayamba kudzimenya m'makutu mpaka kudziluma dzanja. Koma Chinjoka amachidziwa ngati m'bale wake: kutalika kwake, masekondi omwe chimatha chikugwa, chaka chomwe anachipaka utoto wobiriwira. Liwiro samaliopa ayi. Amaopa mzere wa anthu.

Ndiye ku pakiko kuli kachibangili kachikasu ka pepala. Munthu amene sangathe kuima pamzere amamumanga kameneko pamkono, n'kumalowera pakhomo lam'mbali. N'chifukwa cha kameneko anakwera basi yoyamba yochokera ku Limanowa, tauni yakwawo, ali atatu: Bożena, Jagoda, ndi Wiesia, mchemwali wa malemu mwamuna wa Bożena, mkazi amene saitanidwa koma ulendo saphonya.

"Mlamu, mwanayu mwamutchenetsa mopitiriza," anatero Wiesia akutafuna buledi wa soseji basi isanatuluke n'komwe m'tauni. "Akuoneka ngati kalaliki wa kubanki. Musokonezeni tsitsilo pang'ono. Mabataniwo amangidwe mopingasa. Masiku ano khadi la olumala lokha silikwanira, amafunsa mafunso pawindo."

"Idyani buledi wanuyo."

"Ine ndikukuthandizani. Mdzukulu wa a Stasia, anzanga aja, analowa chaka chatha, wamphamvu ngati hatchi, anangotsimphina pang'ono basi."

"Ndiye n'chifukwa chake ayamba kufunsa mafunso, chifukwa cha mahatchi a a Stasia! Mwana wanga sachita sewero. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuphunzitsa kuima mowongoka ndi kupereka moni, lero ndimuuze kuti achuche dovu?"

Wiesia anangokweza mapewa n'kuluma nkhaka.

Pawindo la olumala panali mayi wa magalasi, dzina lolembedwa pachifuwa: Iwona. Analandira khadi la boma la Jagoda, kulitembenuza uku, kulitembenuza uku, ngati akufuna kuliphika.

"Khadili likunena kuti ndi wolumala," anatero Iwona. "Koma silikunena kuti sangaime pamzere. Ndiyenera kulankhula ndi mwiniwake."

"Ndine mayi ake, ndiyankha ine."

"Ndi wamkulu. Ayankhe yekha." Iwona anatembenukira kwa Jagoda. "Muli bwanji lero, mayi?"

Jagoda anaphatikiza manja, anayang'ana pamphumi pa Iwona monga anaphunzitsidwira, poti m'maso mwa munthu sapirira kuyang'anamo. "Ndili bwino, zikomo, kaya inu?"

"Mungathe kudikira pamzere?"

"Inde, zikomo. Timadikira. Sitidumpha anzathu."

Bożena anawazindikira mayankhowo. Mawu akewo! Enieniwo, omwe wakhala akumubwerezera mwanayo ku positi ofesi, kwa wogulitsa nyama, ngakhale popita kukalandira ukaristia.

"Phokoso limakuvutitsani?"

"Sitidandaula pagulu."

Iwona anachonga papepala pake, cho, cho, n'kukankhira khadi lija kunja. "Pepani. Sakuyenera."

"Sakuyenera chiyani? Mayi, mwanayu akuyankha zomwe ndinamuloweza ine! Mukamufunsa ngati akumva kuwawa mwendo utathyoka, akuuzani kuti ali bwino, zikomo, kaya inu!"

"Ngati muli ndi choonjezera, fotokozani. Amatani akakhala pamzere? Mwatsatanetsatane. Amakuwa? Amamenya anthu? Amadziipitsira?"

"Tsitsani mawu. Tiyeni tilankhulire pambali."

"Lamulo likuti mwiniwake akhalepo, akumva."

Bożena anacheuka. Jagoda anali chilili, bulauzi mbee, nkhope yowala, poti mafunso onse wayankha osaphonya ngakhale limodzi. Kumbuyo kwawo bambo wina ndi mkazi wake anali atasiya kunyambita ayisikilimu, makutu petupetu.

"Ingonenani, mlamu," ananong'ona Wiesia, kunong'ona kwake komveka mpaka pageti. "Nenani za pa maliro a achimwene zija, mmene anagubuduzira nkhata."

"Mukatsegulanso pakamwapo nditsekapo ndi nkhaka." Bożena anaweramira pawindo mpaka mpweya wake kuchita nthunzi pagalasi. "Ndiye mukufuna ndimuvule mwana wanga pano, anthu akudya ayisikilimu, kuti mundipatse kapepala kachikasu?"

"Mayi, pali anthu kumbuyo kwanu."

"Ndawaona. Ndiwo ndikunenawo."

Anatola khadi lake. Sananene kanthu za makutu, kapena za dzanja, kapena za nkhata. Anagwira Jagoda pachigongono, malo okhawo amene amalola kugwidwa, ulendo ku mzere wa aliyense.

Chikwangwani chimati mphindi makumi asanu ndi awiri. Mzerewo si mzere ayi, ndi khola: zitsulo uku ndi uku, kupita, kubwerera, kupitanso, denga lamalata pamwamba, ndi zimkuzamawu zikulira nyimbo imodzimodzi ngati zalodzedwa. Dzuwa la Julaye limawotcha malatawo, fungo la thukuta ndi mafuta odzola lili guu.

Mphindi khumi zoyamba Jagoda amawerenga mizati ya njanji. Zitakwana makumi awiri anayamba kung'ung'udza chapansipansi. Bożena amadziwa kang'ung'udzidwe kameneko monga mlimi adziwira mtambo wa matalala.

"Tituluke, mwana wanga?"

"Timadikira," anatero Jagoda, mano atalumana.

Kutuluka kwake n'kudzera pati? Kutsogolo anthu, kumbuyo anthu. Chikwama cha kumsana cha munthu wina chinamukhula papewa. Kenako kachiwiri. Kenako chimkuzamawu cha pamutu pake penipeni chinakuwa kuti aliyense asunge bwino zipewa ndi mafoni.

Basi.

Jagoda anadziwomba m'makutu, pha! pha! Anakuwa mawu amene sumafuna kuwamva kwa mwana wako ngakhale kamodzi. Anagwada pansi, dzanja m'kamwa, mano n'kulowa. Magazi anadonthera pa bulauzi yosita ija. Anthu anafutukuka, koma osati kuti apereke njira ayi, amafuna kuona bwino. Mafoni m'mwamba, atatu, anayi.

Bożena anamuphimba ndi thupi lake lonse ngati thadzi. "Iwe wa ndevu za tonde, tsitsa foniyo ndisanakumezetse! Amako anakubereka kuti uzijambula anthu akuvutika?"

Apa Wiesia tim'patse ulemu wake. Anazunguza chikwama chake cha fulasiki ndi mabotolo a nkhaka, akukuwa kuti, "Njira! Njira, agalu inu!" ndipo anthu amene samamva Chipolishi anamva chikwamacho.

Anakakhala pansi pa mtengo, kuseri kwa mosungira zinyalala, komwe kunali phee. Bożena anamanga dzanja lija ndi kampango.  Jagoda amagwedera kutsogolo ndi kumbuyo, pang'onopang'ono mpweya ukubwerera.

Ndiye kunatulukira bambo wa tayi ndi wayilesi paphewa, akupuma wefuwefu. Anati ndi a Leszek, oyang'anira mbali imeneyo ya paki. M'manja mwake, ngati wanyamula duwa, kachibangili kachikasu.

"Mayi, pepani kwambiri. Taona pa kamera. Tsopano zaoneka kuti akuyenera."

Bożena anaimirira. Ndi wamfupi, amalekeza pa tayi wa a Leszek, koma bamboyo anabwerera m'mbuyo.

"Zaoneka."

"Inde, mayi, ndipo tikupe—"

"Mwakhuta? Magaziwa akwana, kapena alumenso dzanja linalo kuti mudinde kawiri? Khadi la boma munalikana. Mawu a ine amene ndinam'bereka munawakana. Mumafuna chionetsero, mwachiona, pa kamera, mutakhala pa mpando wa ndalema!"

"Anthu amanama kwambiri, mayi. Mukanaona zomwe timaona ife."

"Ndiye onamawo ali kuti? Akukwera kachitatu! Wonama amayankha bwino mafunso anuwo, anachita kukonzekera kunyumba. Amene mwagwira ndi uyu, wosadziwa kunama." Anawaloza ndi chala. "Chabwino. Lembani papepala zomwe mwaonazo, musayine, kuti chaka chamawa asadzadzilumenso."

A Leszek anayang'ana nsapato zawo. "Kachibangilika n'ka tsiku limodzi, mayi. Ulendo uliwonse timafunsa mwatsopano. Ndi lamulo, si ine."

"Lamulolo lili ndi nkhope? Liitaneni pa wayilesi yanuyo libwere, ndililavulire."

Anatsomphola kapepalako m'manja mwa bamboyo. Amati akang'ambe pakati, amuthire nako kumaso, akakwere basi. Zala zinali zitagwira kale mbali zonse ziwiri.

"Amayi."

Jagoda anali atasiya kugwedera. Amayang'ana magazi a pa bulauzi.

"Amayi, ndinayankha molakwa?"

Wiesia anatembenuka n'kuyamba kufunafuna chinthu m'chikwama chomwe munalibemo.

"Ayi," anatero Bożena. "Unayankha bwino. Onse."

"Ndiye tikwera?"

Anatambasula mkono wosalumidwa uja. A Leszek anasendera kuti athandize kumanga.

"Musamukhudze!" Bożena anamanga yekha, mosamala, osathinitsa.

"Wovala kachibangili amakwera ndi womuperekeza mmodzi," anatero a Leszek ndi mawu aang'ono. "Nalonso ndi la—"

"Mukatchulanso liwu limenelo muona."

"Ine ayi, mlamu," Wiesia anafulumira. "Ndadya masoseji atatu. Ndikakwera ndiwabweza onse pamitu pa anthu."

Ndi mmene Bożena, mkazi amene amaopa ngakhale makwerero okolowekera makatani, anapezekera atamangidwa ndi chitsulo pachifuwa, mpando wakutsogolo, atalowera pakhomo lam'mbali osaima ngakhale mphindi ziwiri. Sitima inayamba kukwera, ke, ke, ke. Anthu pansi anasanduka nyerere. Jagoda, bata lili lonse pankhope, amawerenga mamita mokweza ngati akuwerenga mapemphero.

"Tsopano," anatero Jagoda.

Dziko linachoka pansi pawo. Aliyense anakuwa, ndipo Bożena anazindikira kuti pamalo pano munthu ukhoza kukuwa chilichonse. Anatsegula kukamwa. Anatukwana windo ndi mwini windo. Anatukwana tayi. Atazondoka mutu pansi anatukwana amene analemba mafunso aja, ndi amene anam'patsa cholembera. Pokhota pachiwiri anatukwana malemu mwamuna wake, amene anathawira kumanda n'kumusiyira maofesi onse a dziko lino. Mawu ena anali asanawatulutsepo chikhalire, iye mwini anadabwa kuti amawadziwa.

Sitima inaima, tswii. Tsitsi la Bożena linali njoo ngati tsache. Jagoda amaseka, kuseka kwake kwa m'mimba kumene kumamveka mwina kawiri pachaka.

"Amayi, mwatukwana."

"Inde."

"Kakhumi ndi kanayi."

"Wawerenga bwino."

Jagoda anayang'ana pamkono pake. "Paki atseka 6 koloko. Tikwerenso?"

Bożena anakankha chitsulo cha pachifuwa chija n'kuimirira.

"Tiye," anatero. "Alipo ena sindinawafike."