Mwana wa Darius

"Mayi, kabisaleni kuseri kwa chipilala icho. Galuyu akakuonani amasokonezeka," anatero Darius, amene Mathilda anamulemba ntchito yoyendetsa galu wake, Mphezi, pa mpikisano wa agalu mumzinda wa Mississauga.

Mathilda anakabisala mtima ukuwira. Iye amene amalawirira ndi galuyo kunja kukuzizira, kumutolera zonyansa pa chipale chofewa cha sinowo, lero abisale ngati mbava?

Mphezi atapambana, Darius anamupsompsona pamphumi n'kuuza oweruza mokweza kuti, "Mwana wangatu uyu!"

Mathilda anatulukira poyera n'kuimba likhweru kamodzi kokha. Mphezi anatsomphola chingwe m'manja mwa Darius, liwiro kwa mbuyake.

"Bambo, mwana wanu uja wathawatu," anatero Mathilda. "Tamuitanani tione."