Gawo la a Yeom

Pyo Hye-rim anatsogolera masewero a pa TV monga dayirekitala kwa zaka zambiri asanapatsidwe mwayi wojambula filimu yakeyake. Mwa onse amene anasewera mufilimuyo, amene anadzipereka kwambiri anali a Yeom Chun-bae, bambo achikulire amene moyo wawo wonse ankangopatsidwa timagawo ta mawu awiri. Ulendo uno Hye-rim anawapatsa gawo lenileni, la msodzi wofedwa mkazi. Pojambula kugombe la ku Mokpo, a Yeom anaima m'madzi ozizira mpaka miyendo kuchita dzanzi, osadandaula.

Filimu inatalika, eni kampani nati ifupikitsidwe. Hye-rim anayesa kudula apa ndi apo, koma mapeto ake anachotsa nkhani yonse ya msodziyo. Chomupweteka n'chakuti filimu inakoma kuposa kale. Tsiku lililonse ankati awaimbira foni a Yeom mawa kuti awauze.

Tsiku loionetsa koyamba ku Seoul, anawapeza pakhomo atavala suti yatsopano, ali ndi mwana wawo wamkazi komanso anzawo atatu okwera nawo mapiri.

"Adayirekitala, awa ndi anzanga," anatero a Yeom akuseka. "Amati ine ndimanama kuti ndimasewera mafilimu. Lero achita manyazi."

Hye-rim anawerama. "Bambo, pali kankhani..."

"Pitani kaye, atolankhani akukudikirani. Tikamba bwino."

Anapitadi. Muholo maso ake sanali pafilimu, anali pamutu wa imvi wa a Yeom umene unali patsogolo pake. Mufilimumo a Yeom anaoneka kamodzi kokha, chakumbuyo, atasenza ukonde. Mnzawo wina anawagunda ndi chigongono, iwo osatembenuka.

Anthu akadaomba m'manja, Hye-rim anawathamangira n'kuwapeza pamasitepe.

"Ndinayenera kukuuzani, bambo. Ndinkachita mantha."

"Kudula ndi ntchito yanu, sindingakuletseni," anayankha motsitsa mawu. "Koma foni yokha, mwanangu. Bwenzi nditabwera ndekha."

Mwana wawo anawagwira mkono n'kutsika nawo, osamuyang'ana n'komwe Hye-rim.

Filimu inatchuka mpaka kulandira mphoto. Chaka chotsatira Hye-rim anakonza gawo lalikulu poganizira iwowo, ndipo anawaimbira yekha, osatuma munthu. A Yeom anathokoza mwaulemu, nati mawondo sakuwalolanso kugwira ntchito.

Patapita miyezi ingapo, Hye-rim akudya m'kalesitilanti kena, anawaona pa TV m'sewero la dayirekitala wina, akuthamangira basi bwinobwino. Anaika timitengo todyera pansi n'kuonera mpaka sewero kutha.