Tsiku Limene Owamba Nsomba Sanaimbe

Ku Lungwena, pa ng'anjo zowambira nsomba za a Dinala, panali lamulo limodzi: wowamba sakhala pansi, ndiponso sakhala chete. Ntchito inkayamba kusanache, utsi uli m'maso, moto ukuwawula miyendo, ndiye tulo sitinkachedwa. N'chifukwa chake amayi ankaimba molandizana, aliyense pa ng'anjo yake. Mawu a wina akangozima, mnzake ankadziwa kuti wagona chiimirire, n'kumugenda ndi kachitsotso.

Tatu anakulira pa utsi umenewo. Mwamuna wake anatchona ku Joni, ndipo ana ake ankadalira miyendo yakeyo basi. Ankadziwa kuti tsiku limene adzalephere kuima, a Dinala sadzamudikira.

Chaka chimenecho Ramazani inagwa m'chilimwe. Tsiku lina, kampango atangotsitsidwa m'ngalawa, ayufi, anyamata a chipani, anabwera kudzatenga amayi onse kuti avale nsalu za chipani, akayeserere magule pabwalo la sukulu. Nsomba sizidziwa chipani, koma ndani akanayerekeza kunena zimenezo? Anavina ndi kuimba mpaka dzuwa kupendeka, kukhosi kusanadutse ngakhale dontho la madzi.

Pobwerako anapeza kampango atayamba kufewa. Nthawi yosintha nsalu panalibe.

"Yambitsani nyimbo, achemwali," ananong'ona Alima, wa ng'anjo yoyandikana nayo.

Tatu anatsegula pakamwa, koma panangotuluka mpweya. Onse mawu anali atasasa. Anawamba chamumtima, aliyense maso pa waya wa ng'anjo yake, ndipo panalibe wodziwa amene ali maso ndi amene wagona.

Tatu sanamve pamene mutu unagwera pachifuwa. Mafuta a kampango anadonthera pamakala, lawi linatuluka kukamwa kwa ng'anjo n'kugwira nsalu yake. Anadzidzimuka moto utafika m'mawondo. Anakuwa, koma kukuwa kwake sikunafike ngakhale pa ng'anjo ya Alima. Chimene chinatembenuza Alima chinali fungo.

Alima anamugwetsa pansi, n'kumuthira mchenga, n'kumuvula nsalu ija. Ataitambasula, anaona kuti nkhope ya mtsogoleri yosindikizidwa pansalupo inali itapsa theka. Anathamangira nayo kuseri kwa nkhuni kukaikwirira ayufi asanaione. Madzi anabwera nawo pambuyo pake. Tatu sanamudandaule, chifukwa nayenso akanatero.

A Dinala atafika anayamba aona kaye nsomba.

"Nsalu ili kuti?" anafunsa.

"Nsalu iti, bwana?" anayankha Alima.

A Dinala anagwedeza mutu mokhutira. Kenako anayang'ana miyendo ya Tatu, khungu litasupuka, n'kupumira m'mwamba. Sanali munthu wankhanza, koma m'mawa mwake ngalawa zinali kubweranso.

"Alima, mng'ono wako uja wakula, eti? Mawa abwere. Umuphunzitse nyimbo."

Tatu anamva zonse. Anagwira mtengo wa chisakasa kuti adzuke, awaonetse kuti angathebe kuima. Miyendo inakana. Mantha anamugwira kuposa ululu, ndipo anafuna kutchula mayina a ana ake, koma mawu anali atatsala pabwalo la sukulu.