Malikisi Awiri a Wartini

Bu Sumirah anachenjeza, ndipo ndinamva ndi makutu angawa, poti makina anga ali pafupi ndi khomo la ofesi. Mayiwa ndi kapitawo wa mzere wathu wa makina, ndipo atha zaka khumi ndi zinayi m'fakitale yosoka malaya kunja kwa mzinda wa Semarang. Anaima pamaso pa Pak Dodit, bwana watsopano woona za antchito wochokera ku Jakarta, nati:

"Pak, mafomuwa musawapatse. Akazi a kuno mukawauza kuti adzipatse okha malikisi, adzitsitsa mpaka pansi. Mukufuna kudziwa wodziwa ntchito? Bwerani mudzaone misoko."

Pak Dodit anaseka. "Bu, zimenezo n'zakale. Masiku ano wantchito amadziyesa yekha, kenako timakambirana. Ndinachita kupitira kosi."

Pa nkhomaliro, tikudya mpunga ndi tempe, ndiwo ya soya, pansi pa mtengo, Bu Sumirah anatembenukira kwa ife. "Lembani asanu ponseponse. Manyazi mukawasiye kunyumba."

Tinaseka tonse. Ngatini, mnzanga wosoka mikono, anati, "Tikatero tidziombere m'manja tokha, Bu?"

Ine sindinaseke kwambiri. Kontirakiti yanga inali kutha mwezi womwewo. Mwana wanga Nunik, wa chaka ndi theka, amaswera m'chipinda chosungira ana cha fakitale, ndipo chipindacho n'cha ana a antchito okha. Bambo ake ali ku minda ya kanjedza ku Kalimantan, amabwera kamodzi pachaka. Ntchito ikatha, ine ndi Nunik tilibe kolowera.

Fomuyo inali ndi mafunso asanu ndi atatu. Liwiro. Ukhondo wa misoko. Kugwirizana ndi anzako. Pa lililonse umadzipatsa kuyambira limodzi mpaka asanu. Ine ndimasoka makolala, ndipo kolala yanga sinabwezedwepo chiyambire. Komabe dzanja linakana. Munthu wolera bwino anganene bwanji ndi pakamwa pake kuti ndimatha? Kwathu mlendo akayamikira ndiwo, umati zangokhala zamadzimadzi, mukhululuke, ndipo iye amakutsutsa. Umadzitsitsa kuti wamkulu akukweze. Ndi mmene anthu amakhalira.

Ndinalemba awiri ponse. Pa kusunga nthawi ndinalemba atatu, kenako ndinachita manyazi n'kufufuta. Nditasuzumira, Ngatini naye analemba awiri okhaokha. Yuyun yekha, uja amabisa foni pansi pa nsalu n'kumaonera mavidiyo makina akulira opanda ulusi, anadzaza asanu kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Mbak Yuyun, simukuopa Mulungu?" anatero Ngatini.

"Mulungu sawerenga mafomu, achemwali."

Tsiku lokambirana ndinalowa mu ofesi. Munali kuzizira. Pak Dodit anandipatsa mpando ndi tiyi wotsekemera, ndipo ine ndinakhala kansonga ka mpando, tiyi osamukhudza.

"Mbak Wartini, mwadzipatsa awiri pa ukhondo wa misoko. Mukuona kuti pali poti mukonze?"

"Pali pambiri, Pak. Ndidakali kuphunzira."

Ndinaweramitsa mutu n'kudikira. Apa ndi pomwe wamkulu amati ayi, mwana iwe, ntchito yako timaiona. Ndinadikira ndithu. Ndinangomva kugogoda kwa zala pa kompyuta.

"Ndayamika chilungamo chanu," anatero. "Pali chomwe simukugwirizana nacho?"

"Palibe, Pak."

"Sainani apa."

Ndinasaina, ndinathokoza, ndinatuluka chowerama.

Lachisanu anamata pepala pa bolodi pafupi ndi geti. Anthu khumi apansi, makontirakiti awo sawonjezedwa. Dzina langa linali lachisanu ndi chiwiri. Yuyun anali pa pepala lina, la oyamikiridwa, chithunzi chake chikumwetulira. Ndinawerenganso dzina langa, Nunik ali m'manja akukoka mpango wanga wakumutu.

Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinapatsa Ngatini mwana, ndinapita pa makina anga, ndinanyamula mulu wa makolala a tsikulo n'kulowa mu ofesi osagogoda. Ndinapeza Bu Sumirah ali kale momwemo, nkhope ili gwa.

"Wartiniyu ine ndinamupatsa asanu, Pak," iwo ankatero. "Asanu anga apita kuti?"

"Kompyuta imaphatikiza anu ndi ake, Bu. Ake amalemera kwambiri, poti mwini ndiye amadzidziwa."

Ndinakhuthula makolala pa tebulo. Ndinamuyang'ana m'maso. "Pak, sankhani iliyonse. Tembenuzani. Mukapeza ulusi umodzi wotayika, ndichoka ndekha. M'fakitale muno mulibe wosoka kolala kundiposa."

Makutu anandiotcha ndi manyazi. Chibadwire sindinalankhulepo mawu otere.

Pak Dodit sanakhudze kolala ndi imodzi yomwe. "Nanga bwanji simunalembe zimenezi? Ndinakufunsani. Munati palibe."

"Ndinkakulemekezani, Pak!"

"Ulemu sitiuyesa pa fomu."

Bu Sumirah anaseka kuseka kowawa. "Kosi ija anakuphunzitsani kuwerenga manambala, anthu ayi."

Apa bwanayo anasintha nkhope. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anati njira ilipo. Mawa seveni koloko ndibwere pamaso pa mabwana atatu, ndilembe fomu ina. Koma akuluakulu analamula kuti achoke khumi, osachepera. Ine ndikakwera, wotsatira pamwamba pa khumiwo atsika.

"Ndani ameneyo?" ndinafunsa.

Anayang'ana pa kompyuta. "Ngatini. Mungondithandiza kufotokoza pomwe iye amalephera, kuti zioneke bwino m'mapepala."

Pawindo ndinkamuona Ngatini pabwalo, akuvinitsa Nunik kuti asalire. Mwamuna wake anamwalira chaka chatha, ana atatu ali pasukulu. Ngatini anapulumuka pa pepala lija chifukwa pa funso limodzi cholembera chinamuterera, awiri n'kuoneka ngati atatu.

"Ndiye mukufuna ndikamunenere zoipa," ndinatero.

"Ndikufuna mukhale omasuka kunena zoona. Cholinga cha kukambirana n'chimenecho."

Ndinatola makolala anga imodzi imodzi, kuti asadetsedwe, ndinakawabweza pa mzere.

Madzulo, nditangomaliza swala ya magharibi, pemphero la dzuwa litalowa, Bu Sumirah anafika pa kachipinda kanga ka lendi pa njinga yamoto. Sanavule n'chipewa chomwe.

"Upita mawa?"

"Mukuona bwanji, Bu?"

"Ukapita, ntchito uipeza. Ndikuikira kumbuyo. Ngatini sadzadziwa."

"Ine ndidzadziwa. Tsiku lililonse ndizidzaona mpando wake."

Anayang'ana Nunik yemwe ankatafuna kona ya pilo. Kenako anati mlamu wawo ali ndi kamalo kosokera mayunifolomu a sukulu m'tauni ya Kudus, makina asanu kuseri kwa nyumba. Akusowa munthu wa makolala, ndipo mawa m'mawa akuyesa anthu. Malipiro ndi ochepa. Chipinda chosungira ana kulibe, mwana ndingamugoneke pa mphasa pafupi ndi phazi langa, pomwe pali singano ndi zingwe za magetsi. Komanso sanalonjeze kuti anditenga.

"Amayesa bwanji?" ndinafunsa.

"Amakupatsa nsalu, iwe n'kusoka, iye n'kutembenuza."

Ndinachotsa pilo m'kamwa mwa Nunik. Nanga Nunik akameza batani? Nanga akandikana, ndibwerere kuti? Koma ndikaganiza zoima pamaso pa amuna atatu n'kumatchula zolakwa za Ngatini kuti zioneke bwino m'mapepala, mtima unkachita kuwira.

"Basi yoyamba ya ku Kudus imanyamuka nthawi yanji, Bu?"

"Folo koloko, kusanache."

Ndinakoka chikwama pansi pa bedi n'kuyamba ndi matewera.