Mfuti Yaulemu ya a Balz

Mfuti yam'manja ya a Balz Zgraggen inang'aluka kutatsala pang'ono kuti kalabu yathu ipite ku mpikisano wa chigawo. Inali yachitsulo chokhachokha, yolemera ngati simbi, ndipo ikalira inkakankha dzanja mpaka mano oikirira a mwini wake kuchita gwedegwede. Mwana wawo Regula anawagulira ina ya kampani yomweyo, yamakono: yopepuka, chogwirira chapulasitiki, yofatsa kwabasi.

Lamulo la kalabu yathu ndi louma: wosintha mfuti ayesedwenso, akalephera malo ake mu timu apite kwa wina. A Balz anali mu timuyo ine ndisanayambe kuwotcha soseji m'khitchini ya kalabu, ndipo inetu si mwana. Wodikira malowo anali Kaspar Imhof, munthu wabwino mtima amene chiyambire kuwombera sanaboolepo pepala la chandamale. Kumene zipolopolo zake zimapita, kafunseni phiri.

Loweruka, nthawi yoletsa phokoso ya masana itatha, awiriwa anaima moyandikana, Kaspar kumanzere.

"Ikugwirika bwanji m'manjamo?" anafunsa a Trudi Gisler, wapampando wathu.

"Ngati sopo," anadandaula a Balz. "Mfuti yanji yosabweza moni? Yakale ija ukailankhula inkayankha."

"Inkakumenyani, achimwene, osati kuyankha," anatero Kaspar.

"Iwe khala chete. Ng'ombe za kuseri kwa phiri zikukudziwa dzina."

Anawombera. Tsono mfuti yakale ija inkalumphira kumanja, ndipo pa zaka zonsezi dzanja la a Balz linaphunzira kuiyambirira: chala chikamakoka, dzanja limakankhira kumanzere. Kachitsulo koyang'anira chandamale ka mfuti yakaleyo anali atakapala ndi tupa pang'onopang'ono kuti kagwirizane ndi khalidweli. Yatsopanoyi inabwera yowongoka, yosadziwa mbiri ya banja. Dzanja linakankha mdani amene sanabwere.

Pepala la a Balz linatuluka loyera mbee. La Kaspar linali ndi mabowo onse pakati penipeni, oti ungawaphimbe ndi chitsekero cha botolo.

Kaspar anavula chipewa, misozi ili mbwembwe. "Ndimadziwa ine kuti tsiku langa lidzafika!"

"Tsiku lako liti? Mabowo amenewo ndi anga!"

"Ali pa pepala la yani?" anafunsa a Trudi modekha. Kwathu kuno bowo ndi la mwini pepala, olo chipolopolo chitachokera kumwamba.

Komiti inakhala pansi, ine ndikuithira khofi. Chigamulo chinatuluka khofi asanazizire: Kaspar walowa mu timu. A Balz nawonso apita, ngati wowonjezera, bola aime kumanja kwa Kaspar ndipo tupa asayandikire mfuti yatsopanoyo.

"Nanga dzina langa?" anafunsa a Balz.

"Lidzalembedwa," anayankha a Trudi. "Pambali pake ziro. Apo ayi, tsalani muzithirira maluwa pakhonde."

Ine zinandinyansa. Ndinayembekeza kuti mkuluyu amenya tebulo n'kutuluka. Koma anayang'ana basi ya kalabu pawindo, basi imene anakalamba akukwera mpando wakutsogolo, n'kufunsa kuti tinyamuka nthawi yanji.

Kumpikisano zinayenda monga komiti inafunira. Mfuti yaulemuyo sinatopetse mkono, sinalumphe, sinaterereke, ndipo Kaspar anavekedwa nkhata ya masamba ya wopambana. Titabwerera kumudzi, bandi inamuimbira pabwalo, ana asukulu akumupempha kuti awaonetse kagwiridwe ka mfuti, iye n'kumawaonetsadi. A Balz anatsika basi pambuyo pa onse atasenza zikwama. Ndinawamvera chisoni mpaka ndinayang'ana kumbali.

Regula anawathamangira. "Bambo, pepani. Ndaona ziro uja. Mfutiyo ndikaibweze kusitolo?"

"Usayerekeze, mwanangu," anatero a Balz, maso ali pa nkhata ya Kaspar. "Chibadwire changa sindinawomberepo bwino ngati lero."